ZA M'MBUYO: Khrisimasi ya 1944 m'nkhalango ya Ardennes

Yafikanso nyengo ija imene kuno ku UK dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, munthu n'kumapita ku ntchito kuli mdima, pobwera kulinso mdima. Ana athu a ku sekondale ndi ku koleji ali pa tchuthi, ndipo ena mwa iwo akumana kale ndi dzina lakuti Battle of the Bulge m'mabuku awo a mbiri yakale. Choncho ndati m'danga lathu lino tikambe za nkhondo imeneyi m'chiyankhulo chathu, kuti kholo likafunsidwa lisamangoti "kafunse aphunzitsi ako".

Tiyambe ndi dzinalo. Mawu akuti bulge amatanthauza chotupa. Pa mapu a masiku amenewo, mzere wosonyeza pamene asilikali a America anaima unkatsata malire a Germany ndi mayiko a Belgium ndi Luxembourg. Ajeremani atakankha mzerewo, unapindikira kumadzulo ngati chotupa cha munthu wogendedwa mwala pamphumi, ndipo atolankhani anatolera dzina pomwepo. Deralo limatchedwa Ardennes. Ndi la mapiri, zigwa zakuya ndi nkhalango zowirira, ndipo timisewu take ndi topapatiza, tokhotakhota, todutsa pa timilatho ting'onoting'ono. Gwirani bwino nkhani ya timisewuti chifukwa nkhondo yonseyi inagona pamenepo.

Pofika Disembala 1944, anthu ambiri ku Britain ndi ku America ankaona ngati nkhondo yachiwiri ya padziko lonse yatha kale, kwangotsala kusesa. Asilikali awo anali atatsika ku Normandy pa 6 Juni, mzinda wa Paris unamasulidwa mu Ogasiti, Brussels ndi doko la Antwerp kumayambiriro kwa Sepitembala. Ku Ardennes kunali zii, moti akuluakulu a nkhondo anakusandutsa malo opumulirako. Ankatumizako magulu amene anavulazidwa kwambiri m'nkhalango ya Hürtgen kuti akapezeko mphamvu, ndi magulu a anyamata atsopano amene anali asanamvepo chipolopolo chikudutsa pakhutu. Onse pamodzi anali pafupifupi 80,000 pa mtunda wa makilomita 130. Chodabwitsa n'chakuti mu Meyi 1940 Ajeremani anadzera m'nkhalango yomweyo pokagonjetsa France. Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu.

Adolf Hitler ankafuna kuti akasinja ake aboole pamenepo, awoloke mtsinje wa Meuse, akalande Antwerp, doko limene linali litangoyamba kulandira sitima za katundu kumapeto kwa Novembala. Akanatero akanalekanitsa Angerezi kumpoto ndi asilikali a America kummwera, ndipo iye ankakhulupirira kuti awiriwo akanakangana n'kuvomera kukambirana naye za mtendere. Akuluakulu ake a nkhondo, Gerd von Rundstedt ndi Walter Model, anaona kuti katunduyo ndi wosasenzeka ndipo anapempha kuti cholingacho chichepetsedwe. Hitler anakana. Vuto lalikulu linali mafuta. Zitsime za mafuta za ku Ploiești m'dziko la Romania zinali zitawachoka m'manja mu Ogasiti, ndipo mafakitale awo opanga petulo kuchokera ku malasha ankaphulitsidwa ndi ndege usana ndi usiku. Ndiye pulani yonse inatsamira pa zinthu ziwiri zimene Hitler analibe nazo ulamuliro: kuti kunja kukhale chifunga masiku ambiri kuti ndege za adani zisauluke, ndi kuti akasinja azikamwa mafuta olanda kwa adani panjira. Tayerekezani munthu wonyamuka ulendo wautali ndi theka la thanki, n'kumati ena ndikapeza kwa amene ndikukamenyana nawo.

Pa kubisa kokha anakhoza. Asilikali oposa 200,000 ndi akasinja mazanamazana anasonkhanitsidwa usiku, mawailesi atazimitsidwa, malamulo akuyenda pa lamya ndi pamanja. Akatswiri a ku Bletchley Park, pafupi ndi Milton Keynes, amene ankamasulira mauthenga achinsinsi a Ajeremani, anali ndi zochepa zoti awerenge, ndipo zizindikiro zimene zinaonekazo akuluakulu sanazilabadire.

Mizinga inayamba kulira 5:30 m'mawa pa 16 Disembala. Gulu la 106th Infantry Division linali litangofika masiku ochepa m'mbuyomo. Pa 19 Disembala zigawo zake ziwiri, anyamata oposa 6,000, zinazingidwa n'kukweza manja. Mmodzi mwa ogwidwawo anali Kurt Vonnegut, amene pambuyo pake anadzakhala mlembi wotchuka wa mabuku. M'misewu munadzaza malole othawa, anthu wamba okankha ngolo, ndi mphekesera.

Komatu si onse anathawa. Kumpoto, pa chitunda cha Elsenborn, magulu a 2nd ndi 99th anakanirira osasuntha, ndipo misewu yabwino imene Ajeremani ankadalira inatsekeka. Tauni ya St. Vith, pamene misewu ingapo imakumana, inayenera kugwa tsiku lachiwiri koma inagwa pa 21 Disembala. Mabuku a sukulu amakonda kujambula mivi ikuluikulu ndi zithunzi za akuluakulu a nkhondo, koma ine ndikaiwerenga nkhaniyi ndimaona kuti inagamulidwa ndi timagulu ta anthu khumi, makumi awiri, amene anachedwetsa mdani ndi maola atatu pano, theka la tsiku apo, pamene akasinja ake ankangomwa mafuta ali chiimire.

Chitsanzo chabwino ndi cha Joachim Peiper, msilikali wa SS wa zaka 29 amene ankatsogolera gulu la akasinja limene linali patsogolo pa onse. Ena mwa akasinja ake, otchedwa Tiger II, ankalemera matani pafupifupi 70, ndipo pa timisewu ta matope timene tija ankayenda mondondozana ngati ng'ombe zopita kudibi. Mmodzi akaima, onse aima. Ku Büllingen anapezadi mafuta a asilikali a America n'kuthira. Koma atafika ku Trois-Ponts pa 18 Disembala, asilikali omanga ndi kugumula milatho anamuphulitsira milatho ali pafupi kuwoloka. Anakhotera njira ina, kumenekonso mlatho unaphulika iye akuona. Kumbuyo kwake asilikali a America analandanso tauni ya Stavelot, ndipo malole a mafuta analephera kumupeza. Anathera m'mudzi wa La Gleize. Usiku wa pa 23 kucha pa 24 Disembala anasiya akasinja ndi magalimoto ake onse, nathawa wapansi m'nkhalango ndi anthu pafupifupi 800. Kasinja mmodzi wa Tiger II akadali m'mudzimo mpaka lero, alendo amajambulitsa naye zithunzi.

Gulu la Peiper linasiya mitembo m'njira monse limene linadzera. Pa 17 Disembala, pa mphambano ya Baugnez pafupi ndi Malmedy, linafoletsa asilikali a America amene anali atagonja kale n'kuwawombera m'munda. Anafa 84. Ku Stavelot ndi midzi yozungulira linapha anthu wamba oposa 100, amayi ndi ana omwe. Nkhani ya Malmedy inafalikira msanga chifukwa ena anadzigoneka ngati afa n'kuthawa. Zotsatira zake, asilikali a America anasiya kuganiza zogonja, ndipo tisabise, ena mwa iwo anabwezera popha Ajeremani ogwidwa, monga zinachitikira ku Chenogne pa 1 Januwale 1945.

Pali kankhani kena koseketsa pang'ono pakati pa zoopsazi. Msilikali wina wa Hitler, Otto Skorzeny, anatumiza Ajeremani ochepa odziwa Chingerezi atavala yunifolomu ya America kuti akasokoneze kumbuyo. Zimene anawononga zinali zochepa, koma mantha amene anadzetsa anali aakulu. Pa mphambano iliyonse alonda ankaimitsa magalimoto n'kumafunsa mafunso a masewero a baseball, a akatswiri a mafilimu, ndi a malikulu a zigawo za America. Mkulu wa nkhondo Omar Bradley anafunsidwa likulu la Illinois, nayankha molondola kuti Springfield, koma mlondayo anaumirira kuti ndi Chicago. Inu amene munalembapo mayeso a Life in the UK mukudziwa mmene zimakhalira kufunsidwa zinthu zimene eni dziko ena sazidziwa.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi. Tsiku lomwelo la Malmedy, 17 Disembala, kunachitikanso kuphana kwina kumene mabuku ambiri anakhala zaka makumi asanu osakutchula. Nthawi imeneyo asilikali a America ankalekanitsidwa potengera khungu. Anthu akuda ankaikidwa m'magulu awoawo, olamulidwa kwambiri ndi azungu, ndipo ambiri ankapatsidwa ntchito yoyendetsa malole, kutsitsa katundu ndi kukumba manda. Koma analipo magulu ena omenya nkhondo, ndipo limodzi linali 333rd Field Artillery Battalion, la mizinga ikuluikulu, limene linali pafupi ndi Schönberg kuthandiza anyamata a 106th aja. Ena mwa iwo anauzidwa kuti atsale aziwombera kuti anzawo apeze mpata wobwerera m'mbuyo. Ajeremani atawapitirira, anyamata 11 anathawira m'nkhalango, ndipo madzulo anafika pa kamudzi ka Wereth atanyowa, ali ndi njala. Mlimi wina anawalowetsa m'nyumba, nawapatsa buledi. Asanamalize kudya kunafika galimoto ya asilikali a SS. Anawatulutsa, anawathamangitsa mumsewu, ndipo pa ngodya ya munda wodyetserako ng'ombe anawazunza n'kuwapha. Mitembo yawo inakwiririka mu sinowo mpaka mu Febuluwale 1945.

Mlandu wa Malmedy unazengedwa ku Dachau mu 1946, ndipo anthu 43 anaweruzidwa kuti aphedwe, ngakhale kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anaphedwadi. Peiper mwiniyo anatuluka m'ndende mu 1956. Za ku Wereth palibe amene anaimbidwa mlandu. Amene sanaiwale anali mwana wa mlimi uja, yemwe anaona zonse ali kamnyamata. Mu 1994, patatha zaka 50, anakaimika mtanda pa ngodya ya munda ija, ndipo mu 2004 panamangidwa chikumbutso chenicheni chokhala ndi mayina onse 11. Boma limene anyamatawo anafera linatsalira m'mbuyo, mwana wa mlimi wa ku Belgium ndiye anatsogola.

Otsala a 333rd anakaphatikana ndi gulu linanso la anthu akuda, 969th Field Artillery Battalion, ndipo onse anapezeka m'tauni imene dzina lake ndi lodziwika kuposa ena onse pa nkhondoyi, Bastogne. Kufunika kwa Bastogne kunali kwakuti misewu isanu ndi iwiri imakumana pamenepo. Dwight Eisenhower, mkulu wa asilikali onse a mbali ya Britain ndi America, anatumizako gulu la 101st Airborne Division, limene linali kupumula pafupi ndi Reims ku France. Anyamatawo, ozolowera kudumpha m'ndege, ulendo uno anapakiridwa m'malole osafoleredwa usiku wonse, ambiri opanda majasi a nyengo yozizira, ena opanda zipolopolo zokwanira. Atangofika, chipatala chawo cha m'matenti chinagwidwa ndi Ajeremani usiku wa pa 19 Disembala pamodzi ndi madokotala ake. Pofika pa 21 tauniyo inali itazingidwa mbali zonse. Tsiku lotsatira Ajeremani anatumiza kalata youza mkulu wa m'tauniyo, Anthony McAuliffe, kuti agonje. Iye anayankha ndi liwu limodzi lokha lakuti "Nuts!", limene m'Chichewa tingati "Zamisala!" Ajeremaniwo anachita kufunsa tanthauzo lake. Mizinga ya 969th inali m'gulu la imene inateteza tauniyo masiku onsewo, ndipo gululo linalandira ulemu wa Distinguished Unit Citation.

M'tauni yozingidwayo munalinso mayi wina wobadwira ku Africa. Dzina lake Augusta Chiwy. Anabadwa mu 1921 m'dera limene lero ndi Burundi, bambo ake anali dokotala wa ziweto wa ku Belgium, mayi ake anali a ku Congo. Anapita naye ku Belgium ali ndi zaka 9, anaphunzira unamwino, ndipo ankagwira ntchito ku Leuven. Ku Bastogne anangobwera kudzadya Khrisimasi ndi bambo ake, n'kufika tsiku lenilenilo limene nkhondo inayamba. Dokotala wa asilikali, John Prior, amene anali ndi ovulala ochuluka opanda anthu omuthandiza, anamupempha kuti adzagwire naye ntchito. Anavomera, pamodzi ndi namwino mnzake Renée Lemaire. Mankhwala anali atatha, madzi ankachita kusungunula sinowo, ndipo Chiwy ankapitanso ndi dokotalayo kukatola ovulala kumene zipolopolo zinkagwa. Ena mwa ovulalawo ankanyinyirika kugwiridwa ndi munthu wakuda. Anamwino ndi osamalira okalamba amene mukuwerenga danga lino, sindikufunika kukufotokozerani mmene zimenezo zimapwetekera, ndi mmene munthu umapitirizirabe kumusambitsa wodwalayo.

Usiku wa pa 24 Disembala bomba la ndege linagwera nyumba imene ankagonekamo ovulala. Linapha asilikali pafupifupi 30 pamodzi ndi Renée Lemaire. Chiwy anali m'nyumba yoyandikana nayo, bombalo linamuponyera kukhoma, koma anadzuka n'kupitiriza ntchito. Lemaire anatchedwa mngelo wa ku Bastogne, ndipo ulemuwo unamuyenera. Chiwy anabwerera ku unamwino wake osakamba zambiri. M'filimu ya pa wailesi yakanema ya Band of Brothers ya mu 2001 mumaoneka namwino wakuda kwa kanthawi kochepa, wopatsidwa dzina lina. Wolemba mbiri wa ku Britain, Martin King, ndiye anamufufuza mpaka kumupeza ali wokalamba pafupi ndi Brussels. Mu 2011, ali ndi zaka 90, dziko la Belgium ndi asilikali a America anamupatsa mamendulo. Anamwalira mu 2015.

Tibwerere ku nkhondo. Pa 23 Disembala chifunga chija chinayera. Ndege zinaponya chakudya, mankhwala ndi zipolopolo ku Bastogne, zina zikusakaza malole a Ajeremani amene anali atathinana m'timisewu. George Patton, amene pa msonkhano wa ku Verdun pa 19 Disembala analonjeza kutembenuza asilikali ake kuloza kumpoto m'masiku atatu okha, anasungadi lonjezo, ndipo akasinja ake oyamba analowa mu Bastogne pa 26 Disembala. Ajeremani amene anafika kutali kuposa onse, a 2nd Panzer Division, anaima pafupi ndi Celles, makilomita ochepa kuti afike pa mtsinje wa Meuse ku Dinant. Mafuta anali atatha. Kumeneko anaphwanyidwa pa Khrisimasi ndi akasinja a America mothandizidwa ndi a Britain. Antwerp sanamuone n'komwe.

Mafilimu amathera pamenepa, koma anthu ambiri anafa mu Januwale, pa ntchito yofinya chotupa chija mudzi ndi mudzi. Kunazizira koopsa. Ife timadandaula tikaima mphindi khumi pa siteji ya basi titavala majasi awiri. Anyamata amenewo ankagona m'maenje masabata angapo, majombo ali chinyowere, mpaka mapazi kuchita dzanzi, kutupa, kuda, ena kudulidwa zala kapena phazi lonse. Masauzande ambiri anachotsedwa kunkhondo ndi kuzizira kokha popanda chipolopolo. Msilikali wanzeru ankasunga masokosi ouma pamimba, m'kati mwa malaya. Akasinja a 761st Tank Battalion, gulu linanso la anthu akuda, anamenya nkhondo yoopsa pa mudzi wa Tillet m'masiku amenewa. Asilikali oyenda pansi atachepa kwambiri, akuluakulu anapempha anthu akuda ogwira ntchito za kumbuyo kuti adzipereke kukamenya nkhondo. Anadzipereka oposa 4,500, ena mpaka kulolera kutsitsidwa udindo kuti atengedwe, ndipo oposa 2,000 anaphunzitsidwa n'kutumizidwa. Nkhondo itatha anabwezedwa ku magulu a tsankho aja. Lamulo lothetsa tsankho m'gulu la asilikali a America linasainidwa ndi Pulezidenti Harry Truman mu Julayi 1948.

Magulu ochokera kumpoto ndi kummwera anakumana ku Houffalize pa 16 Januwale, ndipo pofika pa 25 Januwale 1945 mzere uja unali utabwerera pamene unali. Asilikali a America amene anafa anali pafupifupi 19,000, Angerezi pafupifupi 200, anthu wamba a ku Belgium ndi Luxembourg pafupifupi 3,000. Ajeremani akufa, ovulala ndi ogwidwa anali masauzande makumimakumi, ndipo akasinja ndi ndege zimene anataya analibenso pozipeza zina. Bernard Montgomery, mkulu wa nkhondo wa Britain amene anapatsidwa mbali ya kumpoto, anayankhula kwa atolankhani pa 7 Januwale ngati kuti ndiye anapulumutsa onse, zimene zinakwiyitsa anzake a ku America. Zinatengera Winston Churchill kuimirira m'nyumba ya malamulo n'kunena poyera kuti nkhondoyo inali ya asilikali a America.

Ophunzira, pa mayeso musaiwale za kummawa. Pamene Hitler ankatayira akasinja ake abwino ku Ardennes, asilikali a Soviet Union anali akusonkhana pa mtsinje wa Vistula ku Poland. Ananyamuka pa 12 Januwale 1945, nalowa mu Warsaw pa 17, nafika ku msasa wa Auschwitz pa 27, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale anali pa mtsinje wa Oder, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Berlin. Mapanga awiri avumbwitsa.

Nanga agogo athu anali kuti m'masiku amenewa? Ku Ardennes kunalibe asilikali a King's African Rifles. Iwo anali kutali kwambiri, ku Burma, dziko limene lero limatchedwa Myanmar, kumenyana ndi asilikali a Japan. Gulu la 11th East African Division, mmene munali anyamata a ku Nyasaland ndi a Northern Rhodesia Regiment, linayenda m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu ya 1944, m'matope ndi malungo, pa nyengo imene ambiri ankati nkhondo singamenyeke. Kumayambiriro kwa Disembala, masabata awiri mizinga ya ku Ardennes isanalire, linafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin n'kutsegulira njira magulu amene anakalanda Mandalay mu Malichi 1945.

Nkhani imeneyo ndi ya mwezi wamawa. Amene muli ndi chithunzi, mendulo kapena kabuku ka usilikali ka agogo amene anapita ku Burma, kapena mukukumbukira zimene ankasimba madzulo pakhonde, mupereke kwa mlembi wa bungwe lathu tikakumana pa mwambo wa Chaka Chatsopano. Mulembe dzina lawo lonse, mudzi ndi mfumu yaikulu, ndipo ngati nambala yawo ya usilikali ikuoneka, mulembenso imeneyo.